Makatani a pa 3 Malichi

Amuna anga sangakumbukire kutulutsa nkhuku mufiriji ngakhale muwauze kawiri, koma afunseni za nkhondo ina iliyonse imene inamenyedwa pansi pano, akuuzani chaka, mwezi ndi tsiku limene inatha. Kumudzi anali mphunzitsi wa mbiri yakale pasekondale ina m'boma la Zomba. Titabwera kuno ku Rotherham, ine n'kuyamba unesi pachipatala, iwo anapeza ntchito yonyamula makatoni m'chinyumba chosungiramo katundu. Makatoni safunsa mafunso, ndiye madeti onse aja ankabwerera nawo kunyumba osagwiritsidwa ntchito, ndipo kalasi yawo yonse inali ine ndekha.

Madeti enawo ankangowatchula n'kupitiriza kumwa tiyi. Limodzi lokha ndi limene ankalisamala ngati dzira, ndipo linali 3 Malichi.

Kwa amene sanakule nthawi ya chipani chimodzi, ndifotokoze pang'ono. Pa 3 Malichi 1959 boma la atsamunda linagwira anthu ambiri mbandakucha, ena n'kuwawombera, makamaka ku Nkhata Bay, chifukwa chofuna kudzilamulira. Dziko litalandira ufulu, tsikuli linakhala lokumbukira ofera dziko, ndipo ife tili ana silinali holide yamasewera ayi. Kumunda kunali kosapita, mtondo wosagunda, zovala zosachapa. Wailesi inkangolira nyimbo zachisoni kuyambira m'mawa. Mpira wathu wachikulunga amayi ankaubisa dzulo lake, ndipo ukaseka mokweza ankakutsina pantchafu maso ali kumsewu, kuopa achinyamata a chipani amene ankazungulira kumvetsera ngati pali nyumba imene yaiwala kulira. Zipani zitachuluka anthu anapumira m'mwamba, ena n'kumachapa, ena n'kumapita kokamwa, ndipo ine ndinali m'gulu la ochapawo. Amuna anga okha ndi amene analipinda tsikulo bwinobwino, n'kuliika m'sutikesi pamodzi ndi masatifiketi awo, kubwera nalo ku England.

M'nyumba mwathu tsikulo linkayenda chonchi. Kuntchito ankapempha tchuthi Khirisimasi isanafike n'komwe. M'mawa wake ankatseka makatani a pabalaza, n'kuzula waya wa TV pakhoma, ngati kuti ingadziyatse yokha. Makina ochapira anali oletsedwa. Kukazinga chilichonse kunali koletsedwanso, akuti mafuta amachita phokoso lachisangalalo. Akatero ankavala buluku lakuda n'kukhala pampando, manja pamaondo, mpaka dzuwa kulowa. Ine ndikakhala kuti sindili pantchito ndinkayenda monyang'ama m'nyumba yanga yomwe, lendi ndikulipira ndine.

Ndiye Mulungu, amene nthabwala zake amazidziwa yekha, anatipatsa mwana wamkazi pa 3 Malichi 2005. Matenda atandiyamba m'mawa wa tsikulo, amuna anga anaima pambali pa bedi kuchipatala, nkhope ili ndwii, n'kundifunsa mwaulemu kwambiri kuti, “Mayi, simungayese kupirira mpaka mawa?” Zimene ndinawayankha sindingazilembe pano, poti ndine munthu wopemphera. Mzamba wachizungu sankamva Chichewa koma anamva zonse, ndipo anawatulutsa panja.

Musandimve molakwa, mwanayo anamukonda kuyambira tsiku loyamba. Matewera ankasintha okha, kusukulu ankamuperekeza okha, ndipo akadwala ndi iwo amene ankaonda. Koma tsiku lobadwa la mwana linkasunthidwa ngati msonkhano wa komiti. Keke inkadulidwa mawa lake, kapena Loweruka lotsatira. Ali wamng'ono analibe nazo kanthu, pakuti kwa mwana keke ndi keke, ibwere Lachiwiri kapena Lachisanu.

Nyumba za mumsewu wathu n'zolumikizana khoma, moti mnzako akayetsemula umatsala pang'ono kumupepesa. Khomo lotsatira lathu munkakhala nkhalamba ina yachizungu, yaitali, ya chifuwa cholira ngati mvukuto. Akazi awo anamwalira ife tisanafike. Tinkangowatchula kuti aneba. Ine ankanditcha “love”, ndipo amuna anga anakhala mwezi wathunthu akuwayang'ana cham'mbali, mpaka tsiku limene anamva anebawo akutchula dzina lomwelo dalaivala wa basi, mwamuna wandevu zake.

Chaka choyamba m'nyumbayo, pa 3 Malichi, amuna anga anatuluka pang'ono kukaima pageti, n'kubwerera msangamsanga maso ali tong'o. “Mayi, bwerani mudzaone,” anandinong'oneza. Makatani a aneba anali otseka, dzuwa likuswa mtengo. Mawa lake anali otsegula monga mwa masiku onse. Ine ndinati mwina mutu unkawapweteka. Chaka chotsatira, tsiku lomwelo, makatani otsekanso. Apa mphunzitsi wa mbiri yakale anali ndi umboni wokwanira. Mzungu ameneyu, anatero, akudziwa zimene anthu akwawo anachita ku Nyasaland, ndipo chikumbumtima sichimugoneka.

Chaka chachitatu amuna anga ndi aneba anakumana pampanda wa kuseri kwa nyumba, madzulo a dzulo lake. Ine ndinali kukhitchini, zenera lili lotsegula, ndipo ndinamva zonse, pakuti zonsezo zinali mawu ochepa kwambiri.

“Tomorrow,” anatero amuna anga. “Third of March.”

Aneba anawayang'ana kwa kanthawi, kenaka anawagwira dzanja ndi manja awo onse awiri. “Aye,” anavomera m'Chingerezi cha kuno, misozi ikulengeza. “Third of March.”

Basi, nkhani inathera pomwepo, ndipo palibe amene anafunsa mnzake funso. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse tsikulo likafika ankatulukira kuseri, aliyense mbali yake ya mpanda, n'kuweramitsa mitu, n'kubwerera m'nyumba zawo zamdima. Amuna anga nkhaniyi ankaikamba paliponse pamene Amalawi asonkhana. Tikapita kumapemphero ku Sheffield, mbale zikangoyamba kuzungulira, ndinkadziwa kuti aneba ali m'njira. Poyamba ankati mwina bambo a anebawo anali msilikali ku Nyasaland. Patapita zaka “mwina” uja anagwera m'njira, ndipo pomaliza bambowo anali atakwezedwa kukhala bwanamkubwa wa boma lathunthu. Anthu ankapukusa mitu n'kumati zoonadi maliro n'kulirana.

Ine ndinkayesetsa kulipeputsa tsikuli m'njira zanga. Muwodi yathu munali nesi wina wa ku Bulgaria, mayi wansangala amene mwezi wa Malichi ukayamba ankatimanga tonse tiulusi tofiira ndi toyera padzanja. Pa 3 Malichi ankabwera ndi chimbale cha mkate wa tchizi, akuti ndi tsiku limene dziko lawo linamasulidwa mu 1878, ndipo kwawo kumakhala zikondwerero. Ndinabwera ndi chidutswa kunyumba, ndi nkhani yomwe.

“Mwaona bambo, tsiku lomwelomweli ena amavina.”

Amuna anga zimenezo ankazidziwa kale, ndipo anawonjezerapo okha kuti pa 3 Malichi 1861 mfumu ya ku Russia inasaina lamulo lomasula anthu amene ankakhala ngati akapolo m'minda ya olemera. Ndinati eya, ndiye kuti tsikuli lili ndi mbali ziwiri. Iwo anapukusa mutu mondimvera chisoni, ngati mwana amene walakwitsa funso lophweka. “Mayi, that one doesn't count. Mayiko amenewo nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito kalendala ina. Kwa eni akewo inali Febuluwale.” Atatero anayamba kunditchulira zimene kwa iwo zinali zowerengeka: anthu amene anapondana mpaka kufa pamasitepe a siteshoni ya sitima zapansi pa nthaka ku London pothawa mabomba mu 1943, ndege imene inagwa pafupi ndi Paris mu 1974. Zonsezo pa 3 Malichi, pa kalendala yolondola. Mbiri ya dziko lonse ankaisankha ngati nyemba palichero, kungoti iwo ankataya zabwino n'kusunga zofumbwa. Mkate wa tchizi uja anaudya mawa lake, n'kunena kuti unali wokoma.

Zinthu zinafika pamwana wakana phala mu 2018. Mwana wathu ankakwanitsa zaka khumi ndi zitatu, zimene kuno amaziona ngati chinthu chachikulu, ndipo 3 Malichi inagwa Loweruka. Chichewa amamva chonse, ndi miseche yomwe, koma poyankha amayankha m'Chingerezi cha kuno chomeza zilembo. Tsiku lina tikudya madzulo anangolengeza kuti waitana anzake a kusukulu kuti adzabwere Loweruka limenelo, ndi nyimbo zomwe.

“Mwanawe, Sunday ilipo,” anatero bambo ake. “Keke siwola tsiku limodzi.”

“My birthday is Saturday, Dad.”

“Tidzachita Lamulungu tikachoka kutchalitchi. Ndidzagula yaikulu kuposa chaka chatha.”

Mwana anaika foloko pansi. Sanakuwe, sanalire, ndipo n'zimene zinandiopsa. Anauza bambo ake, mawu ali pansipansi, kuti chaka chilichonse amatseka makatani pa tsiku limene iye anabadwa, ndi kuti ali wamng'ono ankaganiza kuti amatsekera iyeyo. Anati panopa akudziwa kuti si choncho, koma kudziwako sikumuthandiza kwenikweni. Atatero ananyamula mbale yake n'kukwera kuchipinda. Ine mtima unandipweteka zedi, pakuti ndinali ndisanaganizepo kuti mwana wosekaseka uja ankasenza zoterozo.

Amuna anga nawo zinawalowa. Koma mwamuna akapanikizika amathawira kumene ali ndi mboni. “Mayi, mukambe naye mwanayu. Mzungu wa khomo linalo, amene maliro si ake n'komwe, amatseka makatani chaka ndi chaka. Ndiye ife eni maliro tiike nyimbo, khoma lake lomweli? Adzati Amalawi ndi anthu otani?”

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mawa lake amuna anga ali kuntchito ndinakazinga mandasi, n'kukagogoda kwa aneba. Nzeru yanga inali yakuti popeza anebawo ndiwo anali mlendo wolemekezeka pamaliro athu, akanena okha kuti nyimbo siziwavuta, amuna anga asowa pogwira. Anandilowetsa, n'kundithirira tiyi wakuda bii, ndipo ine ndinayamba ndi kuthokoza monga mwa mwambo. Ndinati banja lathu limayamikira kwambiri kuti iwo amakumbukira nafe anthu athu amene anafa ku Nyasaland.

“Nyasa chiyani?” anandifunsa.

Ndinabwereza pang'onopang'ono, poganiza kuti ndi makutu. Sanali makutu. Anebawo dzinalo anali atalimvapo kamodzi kapena kawiri ali mwana kusukulu, koma sankadziwa kuti ndi kwathu, ndipo za 1959 anali asanamvepo chilichonse. Bambo awo, bwanamkubwa uja, anakhala moyo wawo wonse akukumba malasha pansi pa nthaka ya Yorkshire, ndipo ulendo wawo wautali kwambiri unali wa kunyanja ku Skegness.

“Nanga makatani aja?” ndinafunsa.

Anaika kapu pansi n'kundifotokozera. Iwonso anali wa mumgodi, monga bambo awo. Mu 1984 anthu a m'migodi ya malasha ananyanyala ntchito pokana kuti migodi itsekedwe, ndipo anakhala pafupifupi chaka chathunthu osalandira kanthu. Anagulitsa galimoto, anadya za m'makhitchini a chifundo amene amayi a m'deralo anatsegula, ndipo mng'ono wawo weniweni, amene anabwerera kuntchito sitiraka isanathe, sanalankhulanenso naye mpaka kumwalira. Pa 3 Malichi 1985, linali Lamulungu, atsogoleri awo anavota kuti anthu abwerere kuntchito opanda chimene apindula. Akazi awo atamva nkhaniyo anaimirira n'kukatseka makatani. Kale kuno munthu akamwalira, nyumba za mumsewuwo zinkatseka makatani, ndipo mayiwo anati lero mudzi wafa. Ankatero chaka chilichonse, ndipo atamwalira, amuna awo anapitiriza.

“Ndiye nditaona amuna anu akutseka nawo,” anatero, “ndinati wina wawauza. Ndakhala ndikuuza anzanga kukalabu kuti adzukulu athu sadziwa n'komwe tsikuli, koma Mwafirika wa khomo linalo amalisunga.”

Tinayang'anana. Amene anayamba kuseka sindikumukumbukira, koma tinaseka mpaka chifuwa chawo chija chinawagwira, ine n'kuyamba unesi pomwepo kuwasisita kumsana. Zaka zonsezo amuna awiri akuluakulu ankaweramitsirana mitu pampanda, aliyense akuthokoza mnzake chifukwa chobwera pamaliro ake, pamene maliro anali awiri osiyana. Chifuwa chitatsika anayang'ana chithunzi cha akazi awo pakhoma, ndipo ndinaona kuti kusekako kwawasiyira kachisoni. Kenaka anafunsa chimene chinachitika mu 1959. Ndinati zimenezo akafunse amuna anga, koma asankhe tsiku limene alibe kopita. Nditawauza za mwana ndi tsiku lake lobadwa, anagwira kumutu. Anati akazi awo akanamva zimenezo akanatikalipira tonse atatu.

Ndinabwerera kunyumba nkhani ikundiyabwa pakamwa. Ndinadikira kuti amuna anga abwere, asambe, adye, pakuti munthu sumugwetsa ali ndi njala. Kenaka ndinawauza zonse, kuyambira Skegness mpaka kukalabu, ndipo sindibisa, za bwanamkubwa ndinazikometsera pang'ono. Ndinkayembekezera kuti akana, kapena aseka, kapena apeza kalendala ina yothawirako. Sanachite chilichonse mwa zimenezo. Anangokhala, akuyang'ana khoma limene linkatilekanitsa ndi aneba.

“Ndiye kuti ndinali ndekha nthawi yonseyi,” anatero.

Kuseka kunandithera. Anayamba kulankhula za agogo awo, bambo a amayi awo. Nkhaniyo ndinkaidziwa, koma nthawi zonse ankaikamba ngati phunziro, ndi zaka zake ndi mayina a malo. Tsiku limenelo anaikamba ngati mdzukulu. Amayi awo anali kamtsikana pamene apolisi anafika mbandakucha uja n'kutenga bambo awo osavala ndi malaya omwe. Anabwerako patapita miyezi akutsokomola, ndipo anamwalira dziko lisanalandire ufulu umene anamangidwira. “Pa 3 Malichi anthu onse m'mudzi ankakhala chete chifukwa cha mantha,” anatero amuna anga. “Amayi anga okha ankakhala chete chifukwa cha bambo awo. Ine ndinkakhala pafupi nawo pamkeka. Pano amayi kulibe. Kuno kulibe manda, kulibe wailesi, tsikulo mabasi amayenda ngati palibe chinachitika. Ndikatsegula makatani ine, atseke ndani?”

Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawagwira dzanja, chinthu chimene sitichita kawirikawiri kunja kukuwala. Koma ndine mayi, ndipo m'chipinda cham'mwamba munali mwana wanga. Ndinati, “Ndamva bambo. Akufawo ali ndi inu. Nanga wamoyoyu ali ndi ndani?”

Madzulo a tsiku lotsatira anavala jekete n'kukagogoda kwa aneba. Kudzera pakhoma ndinkamva mawu awiri akusinthana, ena okhuthala ndi chifuwa, ena aja ndimawadziwa bwino a kutsogolo kwa bolodi. Mphunzitsi anali atapeza kalasi patapita zaka, ndipo zikuoneka kuti nayenso anaphunzitsidwa, pakuti anabwerako ndi deti latsopano la 1985 limene anandiuza ngati kuti sindine amene ndinabwera nalo. Anaitana mwana kuti atsike, n'kuima pakati pa balaza.

“Takambirana ndi aneba,” anatero, ngati akuchokera kumsonkhano wa mayiko awiri. “M'mawa ndi wa akufa. Masana ndi ako. Anzakowo abwere.”

Mwana anawayang'ana mokayikira. “With music?”

Bambo ake anagwedeza mutu. “Ndi nyimbo zomwe. Koma zaulemu.”

Sabata imeneyo kunagwa chipale chofewa choopsa, ndi mphepo yozizira yochokera kum'mawa imene inkalowa mpaka m'mafupa. Sukulu zinatsekedwa, ndipo ine kuchipatala ndinkapita wapansi mbali ina ya njira. Loweruka linafika msewu wathu, umene uli pachitunda, uli mbuu, magalimoto atakwiririka mpaka m'matayala.

M'mawa amuna anga anatseka makatani n'kukhala pampando wawo ndi buluku lakuda lija. Ine ndinali kukhitchini, ndikupaka keke shuga mwakachetechete. Ndinamva mapazi pamasitepe, ndipo nditasuzumira ndinaona mwana atakhala pansi pafupi ndi mpando wa bambo ake, atadzifunditsa bulangete. Palibe anamutuma, ndipo foni anali ataisiya m'mwamba, chimene kwa mwana wa msinkhu umenewo ndi nsembe yaikulu. Anakhala choncho nthawi yaitali. Kenaka anafunsa motsitsa mawu kuti agogo aakuluwo ankaoneka bwanji. Bambo ake anati chithunzi palibe, ndipo iwonso sanawaone, koma amayi awo ankati anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Anamuyang'ana mwanayo n'kuwonjezera kuti, “Ngati wakowo.” Mwana anagwira mano ake ndi chala. Ine ndinabwerera kukeke yanga, pakuti maso anayamba kundivuta.

Masana atakwana makatani anatsegulidwa, mabaluni anapachikidwa, ndipo mwana anavala diresi yake yatsopano. Kenaka foni inayamba kulira. Mayi wa mnzake woyamba anapepesa kuti galimoto yakanika kutuluka. Wachiwiri anati mabasi sakukwera chitunda chathu. Wachitatu anati sangalole mwana kuyenda yekha poterera chonchi. Mwana wathu ankangoyankha kuti palibe vuto, palibe vuto, mpaka anakakhala pazenera, akuyang'ana msewu wopanda munthu. Tsiku limene analimenyera nkhondo anali atalipeza, koma linali lopanda kanthu m'kati. Anatembenuka n'kuuza bambo ake, akuyesa kumwetulira, kuti mwina Lamulungu likanakhaladi bwino.

Amuna anga anaimirira. Anavala majombo a kuntchito ndi jekete lachikasu lowala, pamwamba pa buluku la maliro, n'kutuluka. Ndinawaona akugogoda kwa aneba, ndipo anatulukako ndi fosholo yakale ya malasha. Munthu amene chibadwire anali asanagwirepo ngakhale tsache pa 3 Malichi anayamba kukumba njira kuchokera pakhomo pathu kutsika chitunda, aneba ataima pakhomo pawo ndi sikafu, akuwalangiza mokuwa kagwiridwe ka fosholo. Anabwerera kudzafunsa mwana kumene anzakewo amakhala, n'kundiuza kuti ndiimbire makolo awo kuti kukubwera bambo wodzawatenga wapansi, ndipo adzawabwezanso yekha.

Anatenga nthawi, moti tiyi ndinawiritsa kawiri. Kenaka mwana anakuwa pazenera. Kumunsi kwa msewu kunatulukira jekete lachikasu, fosholo paphewa, ndipo kumbuyo kwake atsikana anayi atandandalika, aliyense akuponda m'mapazi mwa mnzake ngati anapiye a bakha. Amuna anga ankayenda akulankhula, dzanja likuloza uku ndi uku, ndipo ndinadziwa kuti ana a eni akewo alipira ulendowo ndi phunziro la mbiri yakale. Analowa atanyowa mpaka m'maondo, mphuno ikuchucha, manja osatha kumasula zingwe za majombo.

Aneba anabwera nawo, atavala tayi. Nyimbo zinaikidwa, ndipo ngati zinali zaulemu ine sindinamve ulemu wake. Itakwana nthawi ya keke ndinayatsa makandulo, ndipo ndisanatsegule pakamwa kuti ndiyambitse nyimbo ija ya tsiku lobadwa, amuna anga anaiyamba okha. Anaiyamba pansi kwambiri, ndi besi ya kutchalitchi, pang'onopang'ono ngati anthu akutuluka ndi bokosi m'nyumba. Palibe amene akanatha kuilowa pamenepo. Atsikana aja anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka, aneba anayang'ana kudenga, ndipo ine ndinakonzeka kuti ndiilande ndiikweze.

Koma nditayang'ana mwana ndinasiya. Iye sankaseka. Ankayang'ana bambo ake osaphethira, misozi ikutsika, makandulo akusungunukira pakeke. Nyimbo itatha anzake anamuuza kuti azime, koma sanazime.

“Again, Dad,” anatero.

Anaimbanso kuyambira poyamba, ndipo atamaliza mwana anati abwerezenso. Pofika pozima, makandulo anali atatsala tizidutswa, ndipo keke yonse pamwamba inali phula lokhalokha. Tinaidya choncho, ndipo palibe amene anadandaula.